Beseni Lachikasu

Loweruka la pa 2 Seputembala, Anathovu anazimitsa simbi nthawi ya teni koloko m'mawa, mashati asanu ndi awiri asanasitidwe. Pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi zochapira anthu zovala, anali asanasiyepo mulu pakati. Koma tsikuli anali ndi zina. Anatulutsa mitolo yonse m'kachipinda ka kuseri, anakolopa pansi kawiri, anatsegula zenera, n'kuyala kamatiresi katsopano pakona yosafika dzuwa.

Sukulu zinkatsegulidwa Lolemba la pa 11. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, mphunzitsi wa masamu, ankabwerera ku ntchito, ndipo khanda lake la miyezi isanu, limene ankalitchula kuti Kamasaya, linkafunika wolisunga kuyambira m'mawa mpaka masana. Palibe amene anawapempha Anathovu. Iwo ankaona kuti nkhani ngati imeneyi sachita kupemphana.

Dzina lakuti Anathovu anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo, chifukwa ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yawo sinkauma thovu chaka chonse. Ankachapa ndi mlamu wawo, mlongo wa malemu amuna awo, amene aliyense pabwalopo, ngakhale makasitomala, ankawatchula kuti Azakhali.

"Mwakolopatu ngati kukubwera oyendera zaukhondo," anatero Azakhali ali pa chingwe choyanikira, mapegi awiri ali kukamwa. "Kamasaya ameneyo sanayambe n'kukwawa komwe."

"Inu yanikani mataulowo, alamu. Pathupi panu posatopa ndi pakamwa pokha."

Mphunzitsi anafika cha m'ma leveni, khanda lili paphewa, chikwama cha zovala zakuda chili kudzanja linalo. Chibadwire cha mwanayo mu Epulo, Loweruka lililonse ankabweretsa zovala zake ndi za mwamuna wake, n'kutenga zoyera. Anathovu ndiwo anaumirira zimenezi kuti mchembere apume. Za khanda zokha Mphunzitsi anakana. Ankachapa yekha kunyumba kwake.

Anathovu anapukuta manja n'kumulandira mdzukuluyo. Masaya amene anamupatsitsa dzina aja anali atauma ngati pepala, akuda mopitirira khungu lonse, okhakhala ukawakhudza. Tsaya la kumanzere linali litang'ambika pawiri ndipo linkatuluka timadzi. Khandalo linkapukusa mutu kufuna podzikhulira.

Mawu anatuluka okha, Anathovu asanawayeze.

"Ha, mwanayu! Bwera naye kuno ndimusambitse bwinobwino."

Mphunzitsi anamutenga mwanayo m'manja mwawo. Sanamulande mwamphamvu, koma sanachitenso kupempha.

"Ayi, Amayi."

"Ndangoti timadzi pang'ono—"

"Kusambitsa kwanu ndimakukumbuka." Anatambasula dzanja lamanja, n'kuwaonetsa m'kati mwa chigongono. Khungu la pamenepo linali lakuda ndi lokhuthala pang'ono, monga linakhalira kuyambira ali mwana. "Ndimafuna ndikuuzeni titakhala pansi, koma basi. Pafupi ndi sukulu pali nyumba yosungira ana. Ndikamulembetsa Lachisanu."

"Kwa anthu osawadziwa?" anatero Azakhali, atalavula mapegi aja. "Agogo ake ali moyo, akolopa mpaka simenti yatsala pang'ono kutha?"

"Azakhali, kumeneko ndikawalembera papepala zoti azichita, ndipo azichita zomwezo. Amayi ndingawalembere pepala ine?"

Mphunzitsi anamwa tiyi theka la kapu, anatenga zovala zoyera, n'kumapita. Anathovu anayatsanso simbi n'kumaliza mashati asanu ndi awiri aja. Kachipinda ka kuseri sanakatseke.

Zimene mwana wawo ankakumbukazo zinachitikadi, ndipo Anathovu ankadziwa zaka zake bwino lomwe.

Mtsikanayo anabadwa mu Juni 1989. Ali ndi miyezi itatu masaya anayamba kuuma. Pofika zaka zitatu, zidzolo zinachoka kumaso n'kukakhazikika m'kati mwa zigongono, kuseri kwa mawondo ndi m'khosi. Ankadzikanda mpaka magazi. Tsiku lina mu 1992, mayi wina amene anabwera kudzatenga makatani anamuona mwanayo akudzikhula pa mwendo wa tebulo, n'kunena mokweza kuti, "Mwana wa ochapa ali ndi mphere? Zanga asazikhudze." Sanabwerenso.

Anathovu anali munthu wodziwa madontho. Mafuta a galimoto, inki, dzimbiri, thukuta la m'kolala mwa shati, chilichonse ankadziwa chochotsera chake. Ndipo lamulo linali limodzi: dontho likakana, onjezera madzi otentha, sopo wamphamvu ndi dzanja. Choncho m'mawa ndi madzulo ankamuimika mwanayo m'beseni lalikulu lachitsulo, n'kumukhula ndi chinkhupule. Mwanayo ankalira mpaka mawu kusasa. Akatuluka m'madzi khungu linkaoneka losalala kwa ola limodzi, kenako linkachita mbuu n'kung'ambika kuposa dzulo lake. Anathovu ankati ndiye kuti sanakhule mokwanira. Anachita zimenezi zaka zinayi. Kusukulu mwanayo ankakhala yekha kumapeto kwa benchi, anzake akumutchula kuti Kamphere.

Mu Malichi 1996 ming'alu ya kuseri kwa mawondo inayamba kuchita nkhanambo zachikasu ndipo mwanayo anatentha thupi. Lachiwiri la pa 12 anapita naye kuchipatala. Anakumana ndi nesi wamtali, wa magalasi omangirira chingwe, amene anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali asanalankhule.

"Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

"Ndimachapa."

"Ndaona. Mwachapa ndi mwana yemwe."

Anathovu anayang'ana pansi.

"Izi si mphere, si uve, ndipo sapatsirana. Ndi chikanga chobadwa nacho. Khungu la mwanayu silisunga chinyezi, ndiye limauma, likauma limayabwa, akakanda limang'ambika, likang'ambika limayabwa koposa. Pabanja panu alipo wa mphumu?"

"Bambo ake."

"Zimayenderana m'banja zimenezo. Mankhwala ochotseratu palibe, koma chimagona mukachisamala. Tandiuzani, kasitomala akakubweretserani diresi ya silika, mumaichapa bwanji?"

"Madzi ofunda pang'ono. Osakhula, osafinya. Sichedwanso m'madzi."

"Ndiye ntchitoyi mukuidziwa kale. Mwanayu ndi silika, inu mwakhala mukumuchapa ngati ovolosi ya makaniko."

Nesiyo anapereka mankhwala akumwa a zilondazo, kachubu ka mankhwala opaka pamalo otupa pokha kwa masiku owerengeka, ndi malangizo amene Anathovu ankatha kuwanena mpaka lero osaphonya. Kusamba kusapitirire maminitsi asanu. Chinkhupule chitayidwe. Thaulo lizingogunda, lisakhule. Mafuta olimba, oyera, opanda fungo, apakidwe thupi lonse khungu lisanaumiretu, ndiponso masana. Zikhadabo zikhale zazifupi. Zovala zikhale za thonje. Pomaliza anati: "Muli ndi kalendala kunyumba? Tsiku lililonse limene wadzuka atadzikanda kwambiri, ikani mtanda. Mudzabwere nayo pakatha milungu isanu ndi umodzi."

Kalendala inalipo, ya kuntchito kwa amuna awo, amene anali kondakitala wa basi. Inali ndi chithunzi cha basi yofiira ikukwera chitunda. Pa 23 Epulo, nesi uja anaiyala patebulo n'kuwerenga mitanda khumi ndi isanu. Khumi ndi umodzi mwa iyo inali m'mizere iwiri yokha, wa Lachitatu ndi wa Loweruka.

"Lachiwiri ndi Lachisanu mwanayu amakumana ndi chiyani?"

Anathovu anaganiza pang'ono, kenako anakumbukira. Lolemba ndi Lachinayi ankachapa nsalu zoyala pabedi za nyumba ina yogona alendo, ndi sopo wa ufa wamphamvu kwambiri. Madzi ankatunga ku mpope wa kumapeto kwa msewu, ndowa imodziimodzi, ndipo wochapa aliyense ankadziwa kuti madzi a thovu satayidwa akadali ndi mphamvu. Za makasitomala zinkayamba, za pakhomo zinkalowa pomaliza m'madzi otsalawo, n'kutsukuluzidwa kamodzi. Madiresi awiri a sukulu a mwanayo ankalowa mmenemo. Ankavala yochapa kumene Lachiwiri ndi Lachisanu.

Pobwerera kunyumba tsiku limenelo anagula beseni lachikasu lapulasitiki. Linali la mwanayo yekha. Zovala zake zinkachapidwa mmenemo poyambirira, m'madzi atsopano, ndi sopo wochepa wopanda fungo, n'kutsukuluzidwa katatu. Ankasambiranso momwemo. Chikanga sichinathe. Chinkabwera nyengo yozizira iliyonse mpaka mtsikanayo atakwana zaka khumi ndi zitatu, ndipo ngakhale atakula manja ake ankang'ambika ndi choko. Koma mitanda inachepa. Mu Meyi inali isanu ndi umodzi, mu Ogasiti itatu.

Nkhani ya kalendalayi Anathovu sanamufotokozerepo mwana wawo. Ankaona kuti ukalakwa umangokonza, osachita kulengeza.

Lolemba la pa 4 Seputembala anatsegula chikwama chimene Mphunzitsi anasiya chija. Zovala za mwana wawo ankazichapa okha, Azakhali osaziyandikira. Kuyambira 1996 analumbira mumtima kuti mwana ameneyu sadzavalanso zochapidwa pomaliza, ndipo tsopano popeza madzi anali a m'nyumba momwemo, ankamupatsa zonse zabwino zimene ankasungira makasitomala apamwamba. Ankathira mankhwala a m'botolo la buluu, ofewetsa nsalu ndi kuinunkhiritsa, zivindikiro ziwiri m'malo mwa chimodzi. Posita ankawaza sitachi m'kolala ndi m'mapewa kuti bulauzi iziima bwino.

Monga mwa chizolowezi, anayala chovala chilichonse patebulo kufufuza madontho asanachiviike. Bulauzi yoyamba inali ndi dontho la mafuta paphewa la kumanzere, ndi malovu ouma. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inalinso ndi timadontho tiwiri ta magazi, tating'ono ngati mitu ya mapini. Mabulauzi asanu ndi imodzi, madontho asanu ndi limodzi, onse paphewa la kumanzere. Mapewa a kumanja anali oyera.

Anakumbukira mmene mwana wawo anafikira Loweruka: khanda lili paphewa la kumanzere, nkhope itayang'ana kunja, tsaya la kumanzere litagona pa nsalu. Ananyamula bulauzi imodzi n'kuinunkhiza. Ngakhale itavalidwa tsiku lathunthu, fungo la botolo la buluu linali lidakalimo. Anapsinya nsalu ya paphewapo ndi zala ziwiri. Sitachi inalira.

"Alamu, tabwerani."

Azakhali anabwera manja ali thovu lokhalokha. Anayang'ana mabulauziwo atandandalikidwa patebulo, anayang'ananso botolo, ndipo sanafunike kufotokozeredwa. Iwo analipo mu 1996.

"Mwayambiranso," anatero motsitsa.

"Ndayambiranso."

"Ndiye mverani kuno. Bisani botololo. Izi chapani ndi sopo wamba, mutsukuluze katatu, mum'patse Loweruka. Tsaya lizipola lokha, iye aziti ndi mankhwala a dokotala. Mukangotsegula pakamwa, Kamasaya muzimuonera pa foni."

Anathovu anayamba kuvomera mumtima. Anafika mpaka potenga botololo n'kuliika kuseri kwa ndowa. Kenako anawerenga. Kuyambira mu Epulo anali atachapa mitolo makumi awiri. M'kabati ya mwana wawo munali mabulauzi, madiresi, mashati a apongozi awo, mataulo, nsalu zoyala pabedi limene khandalo linkayamwirapo. Zonse zinadutsa m'botolo la buluu. Kuti zibwerere kwa iwo mtolo umodziumodzi, pakanatha mwezi ndi theka.

"Mwezi ndi theka tsaya lili pa sitachi, alamu, kuti ine ndioneke wabwino?"

"Ine ndangonena. Mdzukuluyo ndi wanu, kachipindako ndi kanu."

Lachitatu m'mawa Anathovu anakwera pampando n'kutsitsa beseni lachikasu pamwamba pa kabati. Linali litafwifwa, ndipo m'mphepete munali mng'alu umene malemu amuna awo anaumata ndi mpeni wotentha. M'kati mwake munali kalendala ya basi yofiira, itakulungidwa m'pepala lapulasitiki. Anaikamo mabulauzi asanu ndi imodzi aja osachapa, n'kukwera minibasi.

Mphunzitsi ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Anawapeza ali pakhomo ndi beseni m'khwapa, ndipo nkhope yake inauma.

"Amayi, ndinanena kale."

"Sindinabwere kudzasambitsa munthu. Chotsa mabukuwo patebulo."

Anayala mabulauziwo mmene anawayalira kwawo, mapewa a kumanzere ali pamzere umodzi. Analoza dontho lililonse. Kenako anafotokoza za botolo la buluu, zivindikiro ziwiri, ndi sitachi. Sanachepetse kanthu. Ananena kuti mitolo ndi makumi awiri, n'kutchula zimene zinali m'kabati ngati akuziona.

Mphunzitsi anayang'ana bulauzi imene anavala, anakweza phewa n'kununkhiza. Kenako anapita kuchipinda, ndipo Anathovu anamva kabati ikutsegulidwa. Anabwerako atavala sikipa yakale ya mwamuna wake, imene sinapiteko kochapitsa.

"Miyezi isanu," anatero. "Ine ndasintha sopo katatu. Zovala zake ndimatsukuluza mpaka zala kuchita makwinya. Ndasiya kudzola perefyumu. Ndinafika pokangana ndi bambo ake chifukwa cha ndevu. Osadziwa kuti ndi inu."

"Ndi ine."

"Mukanatha kungosiya osandiuza."

"Azakhali ako anandiuza zomwezo."

Mphunzitsi anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Koma musaganize kuti mwapeza zonse. Adokotala anati chikanga chili m'magazi. Kutentha kumachidzutsa, malovu amachidzutsa. Tsaya la kumanja nalonso ndi louma."

"Ndikudziwa. Sindinati ndapeza mankhwala. Ndati ndapeza mbali yanga."

Apa ndi pamene anatulutsa kalendala ija. Mphunzitsi anaitambasula mosamala chifukwa pepala linali litafewa m'mopindika. Anayang'ana basi yofiira kanthawi, kenako mitanda ya bolopeni ya buluu. Chala chake chinayamba kuyenda chokha, monga chimachitira pa kope la mwana wa sukulu.

"Khumi ndi isanu. Khumi ndi umodzi pa Lachitatu ndi Loweruka. Chinkachitika n'chiyani?"

Anathovu anamufotokozera za nesi wamtali, za nsalu za nyumba yogona alendo, za madzi otsala ndi madiresi awiri. Mphunzitsi anatsegula mwezi wa Meyi, wa Juni, mpaka Disembala. Tsiku lililonse la chaka chimenecho kuyambira pa 12 Malichi linali ndi chizindikiro: mtanda pa tsiku loipa, kadontho pa tsiku labwino. M'mphepete munali timawu ta dzanja losazolowera kulemba. Kunatentha. Anavala juzi ya ubweya ya kusukulu. Mafuta anatha, ndinagula mochedwa. Anagona osadzikanda.

"Ine ndimakumbuka chinkhupule chokha," anatero Mphunzitsi, maso ali pa pepala. "Ndi beseni lachitsulo lija. Linkawotcha kumapazi."

"Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene ndinalisiya. Uli ndi ufulu kulikumbuka. Linalipodi."

Mphunzitsi anagwira mphepete mwa beseni lachikasu, pa mng'alu womata paja.

"Ili ndi lija la basi?"

"Lomweli."

"Ababa ankakhala pa ndowa yovundikira, wotchi ili m'manja. Ine ndili m'madzi, iwo n'kumaitana masiteji. Kumsika! Kuchipatala! Kusitediyamu! Ndiye akafika komaliza ankamenya ndowa n'kukuwa kuti—"

"Wotsika atsike!" anamalizitsa Anathovu.

"Ine n'kudumphira m'thaulo. Inu n'kundipaka mafuta mpaka kunyezimira, iwo n'kumati basi yalowa mu sevisi." Anaima kaye. "Ndinkayesa ndi masewera chabe."

"Anali maminitsi asanu a nesi uja. Unkakana kutuluka, madzi atayamba kukukomera. Bambo ako ndiwo anapeza nzeru imeneyo. Siteji iliyonse inali miniti imodzi. Ankatsokomola ndi mphumu yawo ija, koma sanaphonyepo tsiku akakhala kuti aweruka msanga."

Kuchipinda khanda linayamba kulira. Mphunzitsi anakalitenga, n'kuliika paphewa la kumanzere, pa sikipa yakale ija. Anayenda nalo uku ndi uku. Anathovu anayamba kupinda mabulauzi aja kuti azipita. Zimene anabwerera anali atanena, ndipo za Lachisanu sanafune kufunsa.

"Sanasambe lero," anatero Mphunzitsi atawafulatira. "Madzi ali m'ketulo."

Anathovu anatsuka beseni lachikasu katatu ngakhale linali loyera. Anathira madzi ozizira poyamba, otentha pambuyo, n'kuviika chigongono. Anawonjezera ozizira kapu imodzi. Anavula mphete. Anayang'ana zikhadabo zawo, kenako za khanda, n'kupempha chowengera. Mphunzitsi anaima pambali, foni ili m'manja, wotchi yake ikuyenda.

Anamutsitsira mwanayo m'madzi mutu uli pa mkono wawo. Sopo sanamukhudze n'komwe. Ankatunga madzi ndi chikhatho n'kumawathira pamimba, m'khosi, kuseri kwa makutu. Pa tsaya long'ambikalo anangodonthezapo. Manja amene anakhula makolala a mashati zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi ankayenda ngati akuopa kudzutsa madziwo. Khandalo linasiya kulira n'kuyamba kumenya madzi ndi mwendo.

"Kumsika," anatero Mphunzitsi chapansipansi, akuyang'ana foni.

Anathovu sanadzutse mutu.

Patapita kanthawi: "Kuchipatala."

Pa miniti yachisanu, Mphunzitsi asananene kuti wotsika atsike, Anathovu anali atamunyamula kale mwanayo. Anamukulunga m'thaulo limene anayamba alinunkhiza, n'kumamugunda nalo pang'onopang'ono. Khungu likadali lonyowa pang'ono anatapa mafuta oyera aja ndi supuni, osati ndi chala, n'kuwapaka motsetsereka kuchokera m'khosi mpaka kumapazi.

"Kachubu ka adokotala kali kuti? Anati kangati?"

"Kawiri pa tsiku, pa tsaya pokha, mpaka Lamlungu. Pang'ono kwambiri. Koma dikirani kaye mafutawo alowe."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Ndimafuna ndione ngati inu mukudziwa."

Masana onsewo anakhuthula kabati. Anachapa zonse ndi sopo wopanda fungo n'kutsukuluza katatu, mayi akuchapa, mwana akuyanika, mpaka chingwe chinadzaza ndipo mataulo ena anawayanika pa mpanda. Mwamuna wa Mphunzitsi pobwera ku ntchito anapeza alibe shati youma ngakhale imodzi, ndipo atamva chifukwa chake anangofunsa ngati tsopano ndevu zake zakhululukidwa. Anathovu anatsanzika dzuwa lisanalowe. Beseni ndi kalendala anazisiya. Za nyumba yosungira ana ija palibe anaitchula.

Lachinayi linadutsa. Lachisanu Anathovu anasita mashati makumi awiri ndi anayi, foni ili pa shelefu pafupi ndi simbi. Sinalire. Loweruka Mphunzitsi sanabwere ndi mtolo. Azakhali anayang'ana kachipinda ka kuseri kangapo, koma ulendo uno pakamwa pawo panatopa.

Lolemba la pa 11, hafu pasiti sikisi m'mawa, geti linalira. Mphunzitsi analowa atavala bulauzi yofewa, yosaima bwino m'kolala, khanda lili paphewa pa kansalu ka thonje. Kudzanja linalo ananyamula beseni lachikasu. M'kati mwake munali botolo la mafuta, supuni, chowengera zikhadabo, zovala zosinthira, pepala lolembedwa mbali zonse ziwiri, ndi kalendala yatsopano ya ku sitolo ya zitsulo. Masiku anayi apitawo anali ndi zizindikiro kale: mtanda, mtanda, kadontho, kadontho.

Tsaya la kumanzere linali litasiya kutuluka timadzi. Onse awiri anali akadali ouma.

"Pepalalo muwerenge lonse, Amayi. Ndipo asalowe m'chipinda chositira. Zovala za makasitomala asazigonere."

"Ndamva."

"Epuloni yanuyo yachapidwa ndi chiyani?"

"Nunkhiza wekha."

Mphunzitsi anawerama n'kununkhizadi, paphewa la kumanzere. Kenako anawapatsa mwanayo.

"Ndiyesa teremu imodzi," anatero.

"Teremu imodzi!" anakuwa Azakhali ali pa chingwe. "Mayi ako alembedwa ganyu pa ukalamba. Kodi yunifolomu uwapatsa?"

"Pitani, aphunzitsi, belu lilira," anatero Anathovu.

Geti litatsekeka, anatenga msomali ndi hamala n'kupachika kalendala yatsopanoyo m'kachipinda ka kuseri, pamwamba pa kamatiresi. Bolopeni anaimangirira chingwe pa msomali womwewo. Kenako anakhala pansi, khanda lili pamiyendo, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga pepala la mwana wawo kuchokera pa mzere woyamba.